Mapiri Asanu ndi Awiri Obwerera ku Dedza

Lolemba

Tchuthi chayamba! Sabata yathunthu osanunkha guluu wa kufakitale ya nsapato. Kope latsopano. Pensulo yosongoka. Mapu aakulu ndayala patebulo, mbale ndatsitsira pansi.

Nkhani ndi iyi: ndikuwabweza Bambo kwawo ku Dedza. Wapansi. Anabwera kuno kudziko la eni wapansi ali mnyamata, zaka makumi anayi ndi kanthu zapitazo, ndipo chibwerereni sanapondekonso. Mwezi watha, atatuluka m'chipatala ndi mapazi otupa ndi mtima wotopa, anandigwira dzanja: "Iwe, ndisafe mtchona. Ndinabwera ndi miyendo, ndibwerera ndi miyendo." Ine, pakamwa pothamanga, ndinati chabwino. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Njira yawo sinali ya msewu. Mumsewu munali apolisi ndi anthu ogwira anyamata n'kukawatula kumafamu. Ndiye iwo ndi anzawo anayi ankayenda phiri ndi phiri: ukwere pamwamba, uone lotsatira, ulilondole. Andiwerengera onse, ine ndalemba chobwerera:

1. Ngomakurira (pafupi, basi imafika)
2. Mutemwa, ku Mutoko
3. Phiri la Anyani
4. Phiri la Ludzu
5. Kachala
6. Domwe
7. Lakwathu. Dzina satchula, amangoti "Lakwathu."

Zofunika: nsapato zolimba, mabulangete awiri, poto, mchere, ndodo, mapiritsi a Bambo. Kunyamuka ndi mwezi wamawa. Sabata ino ndi yokonzekera.

Mkazi wanga, mayi a Rudo, ayang'ana mapu, ayang'ana mimba yanga. "Munopenga here, baba vaRudo?" Akuti ndapenga, akuti ndimachita wefuwefu pokwera basi pokha. Nsanje basi!

Lachiwiri

Kuyeserera. Vuto loyamba: mu Chitungwiza muno mulibe phiri. Dera lonseli langoti see ngati mphasa. Chokwera chokha mumsewu wathu ndi mulu wa mchenga wa aneba ena, amene akumangabe chipinda cha maloja, anthu a lendi, chaka chachitatu chino. Ndiye tiyenda mtunda: kuchokera kwathu kuno ku Zengeza mpaka dera la Unit L n'kubwerera.

Ine ndavala majombo achisilikali ogula kumsika wa ku Mbare. Bambo avala jekete la kutchalitchi ndi chipewa. Akuti munthu sapita kwawo ngati wothamangitsidwa.

Zotsatira:

Bambo: mapolo a magetsi anayi. Papolo wachisanu akhala pamwala wa mayi wogulitsa tomato.

Ine: ndawasiya pomwepo, ndapitiriza ndekha. Matuza atatu, limodzi pamwamba pa linzake. Unit L sindinaione.

Majombo: lakumanzere n'laling'ono kuposa lakumanja. Ine, munthu wa kufakitale ya nsapato, kugula osayesa onse awiri!

Pobwera ndawapeza akumufotokozera mayi wa tomato za Phiri la Ludzu, mmene ankanyambitira mame paudzu. Mayiyo akungoti, "Hoo, sekuru," ndiye kuti agogo, Chichewa sakuchimva ndi theka lomwe. Pakamwa Bambo akukwera mapiri onse osapuma, koma mpweya wawo ukuthera papolo wachinayi. Zandiwawa.

Kusintha pang'ono: iwo azifika patsinde pa phiri pa basi, ine ndizikwera m'malo mwawo n'kudzawauza zimene ndaona. Akana. Atamwa mapiritsi avomera.

Lachitatu

Ndaitana a Zuze, aneba athu a kwawo ku Tete, oyendetsa malole opita ku Malawi. Abwera ndi magalasi awo owerengera.

Phiri lachitatu, lachinayi ndi lachisanu pa mapu palibe. Tafufuza mpaka maso kuwawa. Ndifunsa Bambo amene anatcha mayinawo. "Ife tomwe. Pa Anyani anatilanda chinangwa. Pa Ludzu, ukufunsanso?" Ndiye kuti m'mawa wonse ndakhala ndikusaka pa mapu a boma mayina opeka anyamata asanu anjala!

A Zuze aseka mpaka kutsokomola. Kenako asiya kuseka. Ayendetsa chala kuchokera pachipata cha malire ku Nyamapanda, kudutsa kwawo ku Tete, mpaka kumalire a Malawi. "Achimwene, umu monsemu muli nkhondo. Ife timadutsa pamzere, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo. Ukafuna kutaya madzi umatayira patayala, kutchire supondako, kuli mabomba okwirira. Inu mukuti mukakwere phiri ndi poto?"

Ndafufuta 3, 4, 5. Ndafufutanso Domwe. Atsala atatu. Atatu ndi mapiribe! Pakatipo tidzakwera lole ya a Zuze, mitu pansi.

Bambo sanatsutse. Angofunsa ngati pa Zambezi akadawolotsabe pabwato. Atamva kuti pali mlatho, apukusa mutu: "Ana a masiku ano mwapepukidwa."

Lachinayi

Mapepala. Ofesi ina m'tauni, mzere kuyambira pakhomo mpaka kukhota kuseri. Bambo atulutsa chitupa chawo m'kachitini ka fodya, chopindapinda, chofewa ngati nsanza. Kalaliki wachitembenuza kawiri. Dziko lolembedwapo ndi Nyasaland.

"Sekuru, nyika iyi haichipo." Dziko limeneli kulibenso, akutero.

Kuno akuti Bambo ndi a uko, apite kuofesi ya a uko. Tapita. A uko akufuna kalata yochokera kumudzi yotsimikiza kuti amawadziwa. Tiwerenga pazala amene angawadziwe: uyu anamwalira, uyu tinamva kuti anamwalira, uyu kalata zinasiya kuyankhidwa kalekale.

Bambo ali pabenchi, mokweza kuti onse amve: "Pobwera sanandifunse pepala. Anangondiyang'ana mikono."

Mapazi atupa. Nsapato tawavula, abwera m'basi ndi masokosi okha, jekete lili lomangidwa mabatani onse. Lero sindifufuta kanthu. Dzanja lakana.

Lachisanu

Bola limodzi! Ngomakurira safuna chitupa. Basi ziwiri: Zengeza mpaka tauni, tauni mpaka mbali za Domboshava. Mayi a Rudo atimangira mbatata ndi tiyi wa m'botolo osanena kanthu, zimene zikundiopsa kuposa kunyoza kwawo.

Tatsika. Phiri ndi ilo, chithanthwe chachikulu chotuwa. Mtima wanga myaa. Ndikuti, "Bambo, nambala wani uyo!"

Aliyang'ana nthawi yaitali. "Si ili."

Ndi lomweli, Bambo.

"Si ili, iwe. Lija lili ngati ng'ombe yogwada, linunda kumanzere. Ichi n'chimwala chabe. Wandikweza basi yolakwika."

Takangana pamsewu, anthu akuonerera. Ndatulutsa mapu, mphepo yawang'amba pa Mutoko. Ndawakalipira, Mulungu andikhululukire. Ndati mwakalamba, mwaiwala, mukundivutitsa chabe. Mpaka mdala wina wodyetsa mbuzi wamva za ng'ombeyo n'kuseka. Akuti ng'ombe yogwada ilipodi, koma imaonekera kuseri, kwa munthu wochokera ku Mutoko. Kuzungulira n'kutali, basi sipitako.

Ndiye tonse timanena zoona, koma wotukwana ndine ndekha.

Bambo akhala pansi pa mtengo, chipewa pamaondo. Mbatata akana. Sindinakwere.

Loweruka

Bambo sanadzuke pabedi. Tiyi amwa theka. Ine ndakhala pambali pa bedi ndi kope, kuyesa kupulumutsa zotsala. Ndawafunsa: Mutemwa tikalifikira kuchokera kuno, lioneka bwanji?

"Sindikudziwa."

Nanga mukatsika phiri, simunkaliona kumbuyo?

Apa m'pamene andiuza. Tsiku lonyamuka, amayi awo anawaperekeza mpaka pamtsinje n'kuwalangiza: wapaulendo sacheuka. Ukacheuka mtima umabwerera, miyendo n'kutsala yokha, sufika. Anzawo anayi aja anauzidwa zomwezo kwawo. Ndipo anamvera, onse asanu. Mapiri onsewa amawadziwa nkhope imodzi yokha, imene amaiona munthu wochoka kwawo. Akadutsa phiri ankalipatsa nkhongo, maso pa lotsatira.

Nanga Lakwathu?

"Ndimalidziwa ndili pakhomo pa amayi. Kuseri kwake, kumene tingatulukire ifeku, sindinakuonepo. Tikhoza kulidutsa ine ndikukangana nawe ngati dzulo."

Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikulemba njira yopita kumodzi. Ine kuganiza kuti n'kungotembenuza mndandanda, wani akhale seveni, basi tafika! Mbuli ine.

Ndapepesa za dzulo. Iwo angoti, "Amayi anaima pamtsinje paja. Kaya anaima nthawi yaitali. Sindikudziwa."

Ndatuluka, ndakalirira kuseri kwa nyumba, pambali pa mpopi. Mayi a Rudo andipeza. Sananene kuti ndinakuuzani. Atsegula mpopi kuti aneba asamve.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite. Ulendo kulibe. Ndalemba pano kuti ndizione ndi maso anga: kulibe. Bambo safika ku Dedza, kaya wapansi, kaya pa lole.

Masana apempha kuti tiwatulutse padzuwa. Ine ndi a Zuze tawanyamula ndi mpando womwe. Apepuka zoopsa.

"Iwe wa mapu, kwathu ndi mbali iti?"

Sabata yonse palibe funso limene ndayankha bwino. Ndayala mapu ong'ambika aja padothi, miyala m'ngodya. A Zuze akuloza kotulukira dzuwa, ine ndikutembenuza pepala, tatsutsana pang'ono. Tagwirizana: pakati pa kumpoto ndi kum'mawa. Ndaimirira, ndatambasula mkono. Chala changa chagwera ndendende pachimbudzi cha aneba akuseri, chija cha chitseko chamalata.

"Nditembenuzeni."

Tatembenuza mpando. Avula chipewa. Ayang'ana kumeneko, osaphethira.

"Tsiku limenelo, kumanda a ku Unit L, mudzandigoneke chonchi. Nkhope uku. Amayi sadzandikalipira, ulendo udzakhala utatha."

Ndati chabwino. Ili lokha ndikwanitsa.

Akadali pomwepo. Dzuwa lapendeka, mthunzi wafika pamapazi, bulangete akana. Mwini chimbudzi watuluka kawiri, wapeza nkhalamba yamuyang'anitsitsa, wabwerera m'nyumba. Palibe amene akufuna kukawauza kuti alowe.

Mawa kuntchito.