Mbava Zinaimba Foni Kufunsa Kompyuta Yoti Zibe

Mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu mwamuna wanga, anathyola loko wa shopu yanga Lolemba dzuwa lili pamutu kuti andibere kompyuta. Ndikulembera inu abale ake nonse, chifukwa mwayamba kale kundinong'oneza zoti ndikathetse mlandu.

Mukudziwa kuti malemu anandisiyira makompyuta awiri, laputopu ndi ina yaikulu ya pa tebulo. Mwana wanga wamkazi amalembera anthu makalata pamenepo, ine ndimajambula mapepala pa fotokope. Chakudya chathu chimachokera pomwepo.

Pulani anakaipangira ku bala, ndipo mayi wogulitsa mowa wandiuza zonse. Mlamuyo, amene amadzitcha Jenerali ngakhale sanalamulirepo ndi nkhuku yomwe, anakhala ndi anzake awiri: Sipana wothyola maloko, ndi Chidebe amene ntchito yake ndi kunyamula ndi kuvomera.

"Amwene, mayi uja amatseka masana kukadya," anatero Jenerali. "Mphindi zisanu tatuluka. Koma titenga imodzi yokha."

"Bwanji osatenga zonse?" anafunsa Sipana.

"Aise, ndi mkazi wamasiye uja. Tikatenga ziwiri anthu adzati ndife mbava."

Analowadi. Loko sanavute. Chinavuta ndi kusankha.

Sipana anagwira laputopu. "Yathu ndi iyi. Ilowa m'jekete, tiziyenda ngati tikupita ku ofesi."

"Kameneko ndi ka ana asukulu," anatero Jenerali, akusisita yaikulu ija ngati ng'ombe ya pamsika. "Taona thupi. Chinthu chikalemera ndiye kuti nzeru zadzaza m'kati."

"Munyamula ndinu?" anafunsa Chidebe. "Bokosi, sikirini, mawaya ngati matumbo. Msana ndi wanga, madala."

"Ka laputopuko batire likafa, katha," anatero Jenerali.

"Chanucho magetsi akazima, chatha," anayankha Sipana.

Mphindi zisanu zinasanduka theka la ola. Anavota kawiri, kawiri konse Chidebe anakweza dzanja mbali zonse.

Kenako Sipana anaona kapepala komatidwa pa bokosi la yaikulu ija, kolembedwa kuti "Ikavuta imbani nambala iyi." Ndi nambala ya bambo wokonza makompyuta, amene amatikonzera chitsegulireni shopu. Zitsiruzo zinaimba, pa foni ya Jenerali.

"Bwana, tili ndi makompyuta awiri pano, laputopu ndi yaikulu. Yabwino ndi iti?"

"Zimatengera ntchito yanu," anayankha wokonzayo. "Mumakhala malo amodzi kapena mumayendayenda?"

"Timathamanga kwambiri," anatero Sipana.

"Ndiye laputopu. Koma nambala yanga mwaipeza kuti?"

"Yamatidwa pa bokosi lomweli, pafupi ndi makina a fotokope."

Wokonzayo akuti anazindikira pomwepo kuti ndi shopu yanga. Bokosi la pafupi ndi fotokope amadziwa limodzi lokha, ndipo amadziwanso kuti m'shopu mwanga mawu a mwamuna anasiya kumveka chaka chatha.

"Musasankhe mopupuluma, mabwana," anatero. "Yatsani zonse ziwiri mudikire. Ndikubwera ndidzaziyeze bwinobwino."

"Mwamva?" Jenerali anauza anzakewo. "Akatswiri amagwira ntchito choncho."

Anadikiradi. Chidebe mpaka anapukuta fumbi pa sikirini ndi malaya ake kuti katswiri asawaseke.

Wokonzayo anafika ndi apolisi awiri ovala wamba, ine ndili pambuyo, supuni ikadali m'manja. Tinapeza Jenerali atakhala pa mpando wa malemu, mwendo pa unzake. Anadzuka n'kupereka moni wa manja awiri kwa wapolisi, kuyesa ndi wogula. Unyolo unamulowa pomwepo. Akumukokera panja, anacheukirabe kwa wokonzayo.

"Koma bwana, tinene chilungamo, yabwino inali iti?"

Tsopano inu apongozi mukuti ndimukhululukire mwana wanu chifukwa sanatenge kanthu. Sanatenge chifukwa cha chifundo? Munthu anabwera kudzalanda chakudya pakamwa pa mwana wa mkulu wake, chinamugwira dzanja ndi uchitsiru wake basi. Ndikamutulutsa lero, adzabweranso atasankha kale, ndipo foni sadzaimba.

Ndiye ndiyankheni nonse amene mwawerenga izi: tsiku limenelo, ndani mwa inu adzadyetse ine ndi mwana wanga? Mlandu ukulowa Lachinayi. Ndikufuna dzina la munthu, osati "tikambirana."