Ndinakwecha Mabatani a Tramu

Nkhani iyi ngakhale bambo a Tadala sakuidziwa, ndiye muisunge.

Inali nthawi ya recession ija, chuma chitavuta kuno kunja. Amuna anga anali atawadulira maola ku airport, Tadala akuyamwa, ine ndikusamalira agogo ena achizungu ku Lucan. Ndine munthu wamantha. Foni ya abwana ikangolira, mtima unkati basi, andichotsa. Choncho ndinkagwira ngakhale ntchito imene sanandiuze, kuti azindiona kufunika.

Pa shelefu panali kambale ka mabatani akuluakulu amkuwa okhala ndi zilembo, akuda bii, ena obiriwira. Agogo anandiuza kuti anali a pa jekete la bambo awo, amene anali kondakitala wa tramu, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu kuchoka ku Lucan kupita m'tauni. Akuti inasiya kuyenda iwo ali kamnyamata. Mbiriyo ine inangondidutsa, chimene ndinaona ndi litsiro. (Amayi anga ku Zomba amati mkazi amadziwika ndi kunsi kwa poto.)

Agogo atagona masana, ndinayamba ndi sopo. Palibe chinasintha. Ndinathira ndimu ndi mchere, mabatani n'kuyamba kumvera. Pamenepo ndikanalekera, koma dzanja linali litazolowera kale, ndipo ndinatenga waya wokwechera mapoto (inde, ine wa setifiketi ya ku koleji). Mabatani anawala ndithu. Koma kagolide kamene kanatsalira m'zilembo kanapita ndi madzi a mu sinki, pamwamba ponse pali pokandikakandika.

Madzulo kunabwera mwana wawo wamkazi, amene anandilemba ntchitoyo. Anaima chilili, kambale kali m'manja.

"Wachita izi ndani? Adadi, a ku museum, osunga zinthu zakale aja, akuwafuna mabataniwa ndipo anati tisawapukute n'komwe!"

Agogo anatola batani limodzi, n'kulisendeza pafupi ndi maso.

"Ndamutuma ndine," anatero. "Agogo ako ankawapukuta m'mawa uliwonse asanamwe tiyi. Batani likada, inspekitala ankakubweza kunyumba. Iwe umafuna akaonekere ku gulu asanasambe?"

"Koma adadi, awonongeka!"

"Ndi a bambo anga. Kayatse ketulo."

Mayiyo atalowa kukhitchini, agogo anandikodola, n'kunong'ona: "Wotchi ya amayi anga ili m'chipinda. Usaiyang'ane n'komwe, mtsikana iwe."

A ku museum sanawafunenso mabataniwo. Ntchito ndinakhala nayobe, ndipo Tadala sanagone ndi njala. Koma sabata yotsatira ndinamva mayi uja akuuza mchimwene wake pa foni kuti adadi ayamba kusokonezeka mutu, akuwononga zinthu zawo zomwe, ndipo aziwayang'anitsitsa. Ndinali pomwepo, ndikupinda matawulo. Agogo anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono kuti ndisalankhule. Sindinalankhule.

Iwo anasankha okha kundiphimba, ndimadzitonthoza choncho. Nanga inu amayi anzanga, mukanakhala ine, mwana ali kubere, mukanatsegula pakamwa?