Patapata za Kumanzere

Inu a Tchale, siyani kaye kuseka, ndipo dzanja lichoke pabawopo, chifukwa ndakuonani mukubisa nkhomo ziwiri. Mwati chiyani? Kuti ine Zuze ndine wokhoma ndowa basi, sindinapangepo chinthu choposa mbaula? Wokayika asendere pafupi, wamtima wofooka apite akagule nsomba, chifukwa zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso awiriwa, ndipo ndikawonjezerapo ngakhale mchere wa pachala, mphenzi indipeze pompano pa Bangula kumwamba kulibe mtambo.

Ine ndinavekapo msilikali wa m'nyenyezi. Mukumva?

Nonse mukumudziwa Joakina, mwana wanga wachitatu, amene amasoka zovala ku Limbe. Mukudziwanso kuti mwendo wake wamanzere ndi waufupi ndi zala zitatu chibadwire, ndi kuti ali wamng'ono anzake ankamutcha Pendapenda, dzina limene akuluakulu ena ankaliseka nawo, a Tchale musayang'ane kumbali. Mwana ameneyu anakula akubisala kumbuyo kwa anthu. Kutchalitchi kumbuyo, pachithunzi kumbuyo, ngakhale paukwati wa mkulu wake anakana kuvina.

Ndiye tsiku lina foni inalira ndili mkati mokhoma chidebe.

"Baba," anatero Joakina, "kuno kumachitika msonkhano wa anthu okonda mafilimu a nkhondo za m'mlengalenga. Aliyense amavala ngati munthu wa m'filimu, amakwera pansanja, amayenda kuchoka uku kukafika uko, oweruza n'kusankha. Zaka zitatu ndakhala ndikusokera anzanga, ine n'kumasunga zikwama. Chaka chino ndikufuna ndikwere. Nsalu ndimatha, koma chisoti ndi zotchinga pachifuwa zandikanika. Mungandipangire?"

Mwana amene sanapemphepo kuti anthu amuone akupempha kukwera pansanja, ndipo akupempha ine!

Ndinatenga malata, ndinadula, ndinakhoma masiku anayi osapuma mpaka nyundo inafupika, ndinatulutsa msilikali wathunthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo popeza mmisiri weniweni amayamba wayesa yekha, ndinavala n'kutuluka panja masana a mwezi wa Okutobala. Dzuwa la kuno mukulidziwa, lija nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Nditangoyenda mapazi khumi thukuta linatulukira m'miyendo, linatsetsereka mumsewu, linadzaza ngalande, mbiri inakafika ku Makhuwira kuti madzi asefukiranso, anthu n'kuyamba kuthamangitsira mbuzi kumtunda, pamene amayi ogulitsa nsomba anandiyala makakana pamsana n'kumanditembenuza ngati waya wootchera, ndipo zinapsa bwino mbali zonse popanda khala limodzi. Funsani amayi aja ali apowo, akakana ndiye kuti akuchita manyazi.

Mkazi wanga anandipeza ndikufuka utsi m'makutu.

"Nkhabe, iyayi, bambo!" anatero. "Mwana wanga simundiphikira ngati mlamba."

Nditamuimbira Joakina, anaseka mpaka kutsokomola. "Baba, anzathu sagwiritsa ntchito chitsulo. Amatenga zofewa zija, zonga za patapata, amaziwotcha pang'ono, amazipinda, n'kupaka penti. Zimangooneka ngati chitsulo."

Patapata! Ine, mmisiri wa zaka makumi anayi pantchito, ndipange zida za nkhondo ndi nsapato zopitira kubafa! Zinandiwawa, sindinama. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinabwereka bwato.

Tsopano mvetserani, chifukwa izi kusukulu saphunzitsa. Madzi akasefukira, Shire amatenga patapata za anthu onse kuchokera kumtunda, koma sazisakaniza ayi: za kumanzere amazitayira tsidya lathu lino, za kumanja amazikankhira tsidya linalo mpaka ku Mozambique. Ndinapalasa katatu kokha, kachinayi ndinapezeka ku Nyachikadza, ndinatola m'mabango, ndinatola m'matope, zofiira, zobiriwira, za ana, za azibusa, bwato linadzaza mpaka ndinakhala pamwamba ngati khwangwala, ndipo pobwerera ng'ona yaikulu ngati minibasi inanditsekera njira, ndinaimenya ndi nkhafi kamodzi pamsana, inatsokomola patapata za mibadwo itatu, chifukwa ng'ona sigaya patapata, imangosunga. Zonse za kumanzere. Mukumva, shamwali? Panalibe ya kumanja ngakhale imodzi.

Ntchito inayamba. Ndinachotsa zingwe, ndinapala ndi mpeni, ndinafewetsa pambaula, ndinapindira pabondo langali, onani chipsera, ndinamata ndi guluu womatira machubu a njinga, imodzi pamwamba pa inzake ngati mamba a nsomba. Chisoti ndinaumbira pamtsuko wa mkazi wanga, kumaso n'kuikako galasi la chipewa cha wanjinga yamoto. Mfuti ndinapanga ndi pampu ya njinga, paipi ndi katochi kofiira. Nsapato zazitali zofika m'mawondo ndinazisiya komaliza, ndipo ndinazipanga chitseko chili chotseka. Kenako penti wasiliva uja timapaka malata. Nditatulutsa panja zinawala moti atambala analira masana, ndipo asodzi a ku Chiromo anabwerera kunyumba poganiza kuti kwachanso kachiwiri.

Ndinavalanso kuti ndiyese. Zopepuka ngati thonje! Koma nditaponda kamodzi, thupi linakhotera kumanja, kachiwiri kumanja, kachitatu kumanjanso, ndipo pomwepo ndinazindikira chimene chavuta: patapata zonse zija zinali zamasiye, iliyonse ikufuna mnzake wa kumanja, zonse pamodzi zikundikokera tsidya lija. Ndinazungulira mlambe wa pamsika kamakumi anayi, fumbi linadzuka, linasanduka kavuluvulu, kavuluvulu anandinyamula, ndinaona minda ya nzimbe ili ngati mphasa, ndinaona phiri la Mulanje lili pansi pa mapazi anga, ndege inandidutsa woyendetsa wake akundikwezera dzanja poganiza kuti ndine bwana wake, ndipo ndikanafika kumwezi tsiku lomwelo ndikanapanda kukumbukira kuti ndasiya guluu wosatseka. Ndinatera m'khola la mbuzi zanga.

Mkazi wanga sanaseke. "Zikamuzunguza chonchi pansanja, anthu onse aja akuona, mwana ameneyu sadzatulukanso m'nyumba," anatero.

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa inenso ndinali ndi mantha omwewo. Ndinangoti, "Dikirani."

Tinakwera minibasi ine ndi msilikali wanga ali m'thumba la chimanga, tinakwera mapiri aja okhotakhota, woyendetsa akudandaula kuti chiwongolero chikukokera kumanja, ine phee. Ku Blantyre kuzizira kunali kwakuti mawu ankauma asanafike kukhutu kwa mnzako. Mu holo ya msonkhano muja, abale anga! Wina nkhope yobiriwira, wina mchira, wina makutu ngati malichero, wina wavala bokosi lonse likuthwanima, anthu akuluakulu a ndevu zawo, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Pakhomo anandilanda mfuti, anaitembenuza, anaipopa, n'kuimanga kansalu kofiira. Iwo akuti amatero ndi zida zonse posonyeza kuti n'zoseweretsa. Ine ndikuti anaiopa.

Kuseri kwa nsanja ndinamuveka Joakina zida zija chimodzichimodzi, pachifuwa, m'mapewa, m'manja.

"Baba," anatero, "chisoti chibisa nkhope, koma kayendedwe sikabisika. Akaseka ndidzamva."

Ndinagwada, ndinamuveka nsapato zazitali zija, ndinamanga zingwe. "Pita, mwanawe."

Anaitana dzina lake. Nyali zonse zinamugwera. Anaponda kamodzi, kachiwiri, ndipo anthu inu, mwendo wake unkakokera kumanzere, patapata zamasiye zikukokera kumanja, mbali ziwirizo zinalimbana n'kugwirizana pakatikati, mwana wanga n'kuyenda mowongoka ngati njanji, mfuti paphewa, siliva akuwala, holo yonse inaimirira, m'manja munaombedwa mpaka malata a padenga anasomphoka awiri, ndipo oweruza anagwada pansi n'kupempha kuti awaphunzitse kuyenda.

Mwati mphoto, a Tchale? Ndinadziwa kuti mufunsa, inu simulola munthu amalize bwino. Chabwino. Mphoto inapita kwa mtsikana wa ku Lilongwe amene anavala ngati chiwala cha chitsulo, mapiko ake akutambasuka okha, ndipo ndikuvomera, inali ntchito yabwino. Ife sitinapate kanthu.

Popeza mwandipanikiza, ng'ona ija mwina chinali chipika. Ndege ijanso sindinaione bwinobwino, fumbi linali lambiri. Oweruza sanagwade, mmodzi anangotola cholembera. Koma chimodzi chokha musachikhudze. M'nsapato ya kumanzere, tsiku lija ndinatseka chitseko, ndinasanjamo patapata zisanu, ndinazipala mpaka zinakwana zala zitatu ndendende, chifukwa mwendo umenewo ndinauyeza ndi maso tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. N'chimene chinandizunguza ine pamlambe paja, munthu wa miyendo yofanana. Ndipo ndikuuzeni chimene chimandiwawa mpaka lero: zaka zonsezo ndinali ndi mpeni, ndinali ndi guluu, patapata zili mbwee m'mbali mwa mtsinje, koma mutu uwu sunaganizepo, ndinali wotanganidwa ndi ndowa za anthu.

Joakina sanadziwe chimene ndinaika. Anachimva pa phazi lachitatu. Anaima pakati pa nsanja, anatembenuka kundiyang'ana kuseri kuja, kenako anapitiriza mpaka kumapeto. Atafika, anavula chisoti pamaso pa anthu onse aja, kuti amuone bwino kuti ndi ndani. Potsika anangothokoza m'chinenero cha kwathu kuti, "Takhuta, baba." Ine misozi inali chuchuchu, ndinawauza kuti ndi fungo la penti.

Dzulo waimba foni. Akufuna nsapato ina yotero, yakuda, yopitira kutchalitchi, akuti wayamba kukhala kutsogolo. Akufunanso msilikali wina chaka chamawa, wamapiko, kuti chiwala chija chidzaone. Ndiye patapata zikufunika, ndipo mtsinje sunasefukire.

A Tchale, vulani ya kumanzereyo. Ya kumanjayo khalani nayo, muyende pendapenda mpaka kwanu, anthu akuonani, mawa mudzatiuze ngati zimaseketsa.