Mbuzi Yokoka Thabwa

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musanaseke dikirani ndimalize. Mukudziwa kuti a hedi athu, a Msosa, asankha ine kuti Lachisanu ndidzayankhule mawu othokoza, alendo a ku likulu akamadzalengeza kuti malipiro a aphunzitsi akwera. Chimene simukudziwa ndi chimene anandinong'oneza pakhonde dzulo: akuti nyumba za pasukulu pano n'zochepa, ndipo zimayenera anthu odziwa kuthokoza. Ine ndi ana anga tikukhala mu imodzi mwa nyumbazo. Ndinagona ndi mawu amenewo m'mutu.

Ndiye ndinangoona ndili m'chipinda chathu chino, ndikuyesa kulemba mawu othokozawo pa bolodi, koma choko chikungoterereka osasiya chizindikiro.

"Madamu Dzonzi," chinatero chokocho, "mabodza ndalemba ambiri m'manja mwa ana, koma m'manja mwanu sindinayambe. Kaoneni kaye chimene mukufuna kuthokozacho. Achimangirira pa mtengo wa mbendera."

Ndinatuluka, ndiye ndinapeza mbuzi. Ndinaizindikira pomwepo kuti ndi malipiro anga. Anandipatsa mu Januwale 2009 pamene ndinkayamba ntchito, ndipo nthawi imeneyo inali mbuzi yofika m'chiuno, yotha kuyenda kuchoka pa tsiku lolandira mpaka kumapeto kwa mwezi, ngakhale motsimphina. Tsopano inali ngati kamwana ka mphaka. Koma nambala yake! Poyamba ankailemba ndi penti pa nthiti. Itasiya kukwana pa nthiti anailemba pa thabwa lalitali ngati chitseko, n'kuimangirira thabwalo m'khosi kuti izikoka.

"Mwaonda bwanji chonchi?" ndinaifunsa.

"Ndaonda ine? Werengani thabwali, madamu. Chaka ndi chaka ndikunenepa. Anandiuza ndi eni ake."

Mwadzidzidzi tinali pa bwalo la mpira, a Kachingwe a zamasewera ali ndi wezulo pakamwa, akuti kuli mpikisano wothamanga. Pamzere panaima paketi ya shuga, botolo la mafuta ophikira, thumba la feteleza ndi mbuzi yanga. Wezulo italira, shuga anadumphira pa kabaza, mafuta anaimitsa minibasi, feteleza sanavutike n'komwe, anangokwera ndege imene inkamudikira kuseri kwa golo.

"Mlamu, tikaonana kutsogoloko!" anakuwa shuga, akubayibitsa mbuzi. "Mukafika mutifunse, amatidziwa!"

Mbuzi inathamanga ndithu, musainyoze. Inkakoka thabwa lake fumbi lili koboo. Koma katatu nthaka inatitimira pansi pake, ndipo pa dzenje lililonse panali chikwangwani cha chaka: 2012, 2022, 2023, zaka zimene kwacha inagwa tonse tikuona. Ikatuluka m'dzenje inkatuluka itachepa, ndipo pomwepo pankafika bambo wina wa suti, atanyamula chitini cha penti, n'kuwonjezera nambala pa thabwa.

"Mwaona, mayi? Takwezanso," anandiuza bamboyo.

"Mwakweza thabwa kapena mbuzi?"

Maso ake anayamba kuyang'ana kuwiri, lina kwa ine lina kumwamba, mchira unatuluka pansi pa jekete, ndiye ndinaona kuti ndi bilimankhwe.

"Funso limenelo lili pa tebulo," anatero, n'kusanduka mtundu wa tebulo, osaonekanso.

Ndiye tinapezeka m'holo, kuli Lachisanu. Nonsenu munalimo, mutavala nsalu ya mwambo imene tinagula ndi ndalama zathu, ndipo pa nsaluyo anajambulapo mbuzi yonenepa ikumwetulira. Mayi Nankhoma, inu munkatsogolera nyimbo yolandira alendo, pakamwa pakutseguka bwinobwino koma mawu osatuluka, chifukwa akuti mawuwo munawasiya kugolosale ngati chikole. Mlendo wolemekezeka analowa, n'kukhala pa sofa ija timabwereka kunyumba kwa a hedi alendo akabwera. Sofayo inabuula.

"Muzindifunsa ine," inatero chapansipansi. "Ine ndi amene ndimadziwa amene akunenepa m'dziko muno."

Mlendoyo anamasula tayi, khosi linafufuma, makutu anachepa, mpaka pa sofa panatsala mvuu yovala magalasi. Zoyankhula zake zinali kuyasamula basi. Ikayasamula tonse m'manja, ikayasamulanso tonse m'manja. Pambali pake panali kamba wa tayi yofiira, atasenza mtolo waukulu pamsana. Anatiuza kuti amenewo ndi makalata okweza aphunzitsi pa ntchito.

A Mpinganjira, inu munadzutsa dzanja ngati mwana wa Fomu 1. "Bwana, nanga kalata yanga ija, poti ndinakayesedwa mu 2015?"

"Ili pamsana pano, achimwene, musade nkhawa," anayankha kamba. "Ndikuyenda nayo. Pachipata cha likulu ndadutsa kale."

Mwadzidzidzi dzina langa linaitanidwa. Ndinaima kutsogolo. Maikolofoni inandiweramira.

"Madamu, musavutike," inanong'ona. "Mawu othokoza ndili nawo kale m'mimbamu, ndi omwe aja a chaka chatha. Inu ingotsegulani pakamwa, zina zonse ndichita ndine."

Ndinayang'ana pansi. Mbuzi yanga inali itafika pa phazi langa, ikupuma wefuwefu, itatsala ngati mbewa, thabwa lake litakakamira pakhomo la holo chifukwa cha kutalika. Ndinamasula chingwe, ndinainyamula pachikhatho, n'kuiika pa maikolofoni. Inalira kamodzi, kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu, koma zimkuzamawu zinakafikitsa mpaka kumsika.

"Alendo olemekezeka," ndinatero, "mawu othokoza ndi amenewo, achokera kwa mwini wake. Ine ndilibe owonjezera. Thabwa mwalikweza, taliona. Tsiku limene mudzadyetse mbuziyi ndidzabwera ndekha kudzavina, nsalu ndidzagulanso ina."

Mvuu inavula magalasi.

"A hedi, mayi ameneyu amagona m'nyumba ya ndani?"

A Msosa anali atasanduka nkhuku yovumbwa ndi mvula, ataima ndi mwendo umodzi pampando. "Ya sukulu, bwana."

"Atulukemo. Ndipo mumutumize kusukulu ya kumene msewu umathera."

Apa mantha anandigwira enieni, anzanga. Pawindo ndinaona nyumba yanga ikudzuka, itamera miyendo ngati ya ng'ombe, yunifolomu za ana anga zikulendewera pa chingwe, wamng'ono uja ali pakhomo ndi kapu m'manja akundiyang'ana. Maikolofoni inanong'onanso kuti, "Nthawi ikadalipo, madamu. Zikomo mmodzi yekha, nyumba ikhala pansi."

Ndiye ndinafunsa, chifukwa ine ndimafuna kudziwa tsiku la chinthu: "Bwana, kalata yondichotsayo ifika liti, ndipo abweretsa ndani?"

Mvuu inaloza kamba.

Anailemba pomwepo, anaidinda, n'kuiika pamwamba pa mtolo uja. Kamba anadzutsa mwendo umodzi, anauyang'ana, anaubwezera pansi, n'kufunsa ngati alawansi ya ulendo yatuluka. Kuchoka pamene anaima kufika pamene ndinaima ine panali ngati kuchoka pano kufika pachitseko apo.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka nyumba yanga inachita manyazi n'kukhala pansi yokha. A Mpinganjira munayamba kuseka, Mayi Nankhoma mawu anu anabwerera, ndipo sofa inaseka mpaka mwendo wake unathyoka, mvuu n'kupendekeka.

"Kalata imeneyo idzandipeza pa penshoni," ndinaiuza mvuu. "Ndipo ngakhale itafika mawa, ndidzanyamula mphasa ndi ana anga n'kupita kumene msewu umatherako. Kumenekonso kuli ana ofuna kuphunzira. Nyumba ndi yanu, koma pakamwa pano ndi panga."

Mvuu inatsegula kukamwa konse kuti indiyankhe, mano ali mbee, ndipo m'menemo munatuluka ngwe, ngwe, ngwe. Ndinatsegula maso. Anali alonda akumenya chitsulo cha gudumu chija, kudzutsa ana a m'mahositelo.

Ndikudziwa, a Kachingwe, musandiyang'ane choncho: kunja kwa maloto, kamba akasenza zoipa amathamanga. Makatoni olongedzera katundu ndapempha kale kugolosale m'mawa uno. Koma Lachisanu ndikaimirira, wina asandikoke nsalu.