Gogo wosiyidwa wa ku Canongola

Mpaka lero ndikaona duku loyera litayanikidwa pachingwe, kumaso kumanditentha. Nkhaniyi amayi a chigwirizano cha kwathu amaifotokoza monyanyira, ndiye bola muimve kwa mwiniwakene.

Zaka zimenezo ndinali wapampando wa amayi mumpingo mwathu kuno ku Tete, ndipo pakhomo ndinkangofikapo ngati mlendo. Kwaya, kusesa m'gereja (ena amati tchalitchi), maliro, mapemphero a m'mabairo, madera a m'tauni muno, konseko ine ndilipo. Dzuwa la ku Tete limathawitsa ngakhale mbuzi, koma ine ayi, ndinali pamsewu ndi buku la nyimbo m'khwapa. (Ndivomere, anthu akamati "popanda amayi awa mpingo ungagwe", mtima unkachita kuvina.)

Kunyumba, ku Canongola, ndinkakhala ndi amayi anga ondibereka. Ndi omwe anandibereka kumbuyo pothawa nkhondo kuchoka ku Angónia kupita ku Malawi, n'kudzabwera nane kuno mtendere utabwera. Pamenepa anali atakalamba, maso achita nkhungu, msana sulola kuwerama. Chakudya ndinkawasiyira, musandione ngati mfiti. Iwo ankangopempha kanthu kamodzi.

"Iwe, undiwengeko zikhadabo za kumapazizi. Zikundikola m'nsalu yanga ya kapulana."

"Mawa, amayi. Lero kuli msonkhano."

Mawa ameneyo anakhala akusunthira kutsogolo mpaka mvula inagwa n'kukata.

Lachinayi lina pamsonkhano anaimirira Dona Felizarda, mayi watsopano mumpingo, amene amuna awo anabwera kudzayendetsa magalimoto a malasha ku Moatize. Anati m'kanjira kamene amadutsa popita kumsika muli gogo wina amene amakhala yekhayekha pansi pa mtengo wa masau, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

"Koitada, zachisoni! Amangoyankhula ndi nkhuku. Akuti mwana ali naye, koma saoneka. Mapazi ake mutawaona mungalire."

Apa ndiye ndinayaka moto. Ndinalalikira za lamulo lolemekeza makolo mpaka thukuta kutsika m'khosi. Ndinati mwana wotere ngakhale atapemphera mpaka mawondo kutupa, Mulungu amatseka makutu. Ndinawonjezanso kuti ngati ndi wa mumpingo, afunika kumuitana pamaso pa akulu. Amayi onse anati "Amen!" Tinasonkha sopo, shuga ndi kachowengera zikhadabo, n'kuika m'beseni. Besenilo ndinasenza ndine, kuti anthu aone utsogoleri.

Tinakwera shapa, minibasi ya kuno, Dona Felizarda akutsogolera. Atauza kondakitala kuti titsike, ndinaona kuti ndi pamalo pomwe ndimatsikira tsiku lililonse.

"Ha, ndiye kwathu kuno!" ndinatero monyadira. "Mwana ameneyo ndimudziwa basi. Lero amva."

M'mutu ndinali nditamupeza kale wolakwa: mayi wina wogulitsa makala amene sitinkapatsana moni bwino. Ndinayambitsa nyimbo mokweza kuti aimve tikadali kutali.

Koma pakhomo pa wamakalayo tinapitirira. Tinakhotera m'kanjira kakumbuyo, kamene ine sindinkadutsamo chifukwa kamadetsa nsapato. Ndinaona mpanda wa bango wopendekeka. Ndinati m'mtima, mipanda imafanana. Kenako ndinaona mtengo wa masau. Ndinati masau ku Tete ali paliponse. Kenako pachingwe ndinaona duku langa lina, limene ndinachapa ndekha m'mawa.

Amayi akale mumpingo, odziwa pakhomo panga, anayamba kusiya nyimbo mmodzimmodzi. Anatsala akuimba ndi Dona Felizarda yekha, mokoma ndithu, akukankha kachitseko.

"Ndi pano! Lowani, amayi apampando, musaope, galu palibe."

Zoti galu palibe ndinkazidziwa.

Amayi anga anali pamphasa, miyendo atatambasula, nkhuku zikuwazungulira. Zikhadabo zija zinali zitapindika ngati za kadzidzi, zili poyera pamaso pa chigwirizano chonse. Ndinalakalaka beseni lija litandimeza.

Maso a amayi anali ofooka, koma makutu anali akuthwa, ndipo mawu anga anawamva tikadali kumsewu. Anatilonjera bwinobwino, mmodzimmodzi. Atafika pa ine anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga amayi asenza beseniwa ndi a kuti? Akufanana ndi mwana wanga."

Wina kumbuyo anatsokomola. Dona Felizarda, osadziwa kanthu, anagwada pafupi nawo.

"Mwana wanuyo ali kuti, agogo?"

"Anakwatiwa ndi gereja, mwanangu. Ukwati wake ngwabwino, sabwerako. Ndimangomva fungo la sopo wake m'mawa akamadutsa."

"Amayi apampando, mwamva?" anatero Dona Felizarda atatembenukira kwa ine, misozi ili m'maso. "Muwauze mawu aja munanena kumsonkhano aja."

Pamenepo mayi busa, amene anali nafe pagulupo, anakoka kapulana ya Dona Felizarda n'kumunong'oneza. Ndinaona pakamwa pa Dona Felizarda pakutseguka pang'onopang'ono, osatsekekanso.

Ndinatula beseni, n'kukhala pansi m'fumbi ndi bulauzi yanga yoyera, n'kuika phazi la amayi pamiyendo panga. Linali lopepuka kwambiri, ndipo zinandiwawa kuti sindinkadziwa kuti lapepuka chotero. Mayi busa anatenga madzi ofunda oviikamo, ena anayamba kusesa pabwalo kuti asandiyang'ane. Ndikuwenga, misozi inkagwera pa zala zawo.

"Usandidule nyama," anatero amayi. Kenako anaika dzanja pa duku langa. "Konza kapansi, mwanawe, kuti kam'mwamba katsike."

Shuga uja tinamwera tiyi tonse madzulo omwewo, amayi akuseka mpaka kutsamwa. Anauza Dona Felizarda kuti azibwerabe, chifukwa anthu a chigwirizano akabwera pagulu amagwira ntchito bwino.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasinthiratu. Bodza. Misonkhano ndimaikondabe, ndipo wina akandiyamika mtima umavinabe. Koma kuyambira tsiku limenelo Loweruka masana sindinkapezeka kwina kulikonse, kaya kubwere mlaliki wochokera ku Beira. Ndinkakhala pansi pa masau, mapazi a amayi ali pamiyendo panga, iwo akundisimbira za minda ya mbatata ya ku Angónia ndi za mmene ndinkalirira kumbuyo kwawo panjira ya ku Dedza. Nkhani zambiri ndinkazimva koyamba. Maloweruka amenewo ndimawasowa kuposa mapemphero onse amene ndinatsogolerapo.

Amayi anatisiya chaka chachiwiri chake, masau atangoyamba kupsa. Kachowengera kaja kakadali m'chikwama changa, pamodzi ndi buku la nyimbo. Loweruka masana ndimakhalabe panyumba mwachizolowezi, nthawi ndili nayo yambiri, koma wondiuza kuti "undiwengeko" palibe.