Matayala a Kalavani Yanga

Lolemba

Mvula, monga mwa masiku onse. Ndili patchuthi mpaka Loweruka, ndiye sabata ino ndi ya kalavani, kanyumba kanga kokoka ndi galimoto. Ndi yakale, ndinagula kwa nkhalamba ina ya ku Hillhead, mu Glasgow muno, koma matayala ake awiri ndi atsopano. Ndinamulonjeza mwana wanga Tadala kuti nyengo yozizira ikatha tidzaikoka kupita kumapiri, tikagonemo. Lonjezo limeneli lakalamba. Ndikalitchula amangoti, "Aye, right, Dad," maso ali pafoni, kusonyeza kuti sakukhulupirira. Zimandiwawa. Ulendo uno sindimunamiza ayi.

A Dougie, aneba athu, akuti kalavani ikaima malo amodzi miyezi yonse yozizira, matayala amaphwatalala pansi n'kuyamba ming'alu. Zoti ndichite:

kutulutsa katundu yense
kuikweza pa majeke
kuteteza matayala ku dzuwa

Dzuwa liti, ku Easterhouse kuno? Koma ndamva.

Lachiwiri

Katundu watuluka, kalavani yapepuka ngati dengu. Ndikupukusa timiyendo ta m'makona kuti matayala achoke pansi, a Dougie atulukira pampanda, kapu ya tiyi ili m'manja. Akuti timiyendoto si tonyamulira, n'toletsa kugwedera basi. Kamodzi kapindika kale. Ndawauza kuti ndimangoyesa. Andibwereka jeke yeniyeni ndi zitsulo ziwiri zogwiriziza.

Matayala ndawaphimba ndi makatoni, mmene tinkachitira ndi lole ya amalume ku Ntcheu. Ntchito yaoneka bwino bwanji!

Lachitatu

Makatoni asanduka phala.

Ina ndi iyi. Akazi anga anauza amayi anzawo akutchalitchi kuti kalavani ilibe kanthu mkati. Pakamwa! Masana afika a Mbewe, mkulu wa mpingo, ndi migolo iwiri yabuluu. Kontena yopita kumudzi inyamuka Loweruka, ndipo kwawo ku Gorbals malo kulibe. "Mpaka Saturday basi, achimwene, sitikuvutitsani." Awa ndi amene anandichingamira kubwalo la ndege nditangofika, ndinagona pabalaza pawo mpaka nditapeza ntchito. Ndiwakanize ndi pakamwa pati? Migoloyo ndalowetsa ndekha, ndikusekerera.

Lachinayi

Mbiri yawanda. Zalowa lero:

makina osokera
matiresi
njinga za ana
filiji ya Mayi Gondwe
mitolo yokulungidwa m'pulasitiki yakuda ndi tepi, yosawerengeka

Aliyense akuti ndi kakatundu kochepa. Munthu ukaponda mkati, kalavani ikulira kwii! Yapendekera kumanzere, chitsulo chimodzi chalowa m'matope, tayala lakhudzanso pansi ndipo katundu wa mpingo wonse watsamira pomwepo. A Dougie angoyang'ana, apsontha tiyi wawo, alowa m'nyumba.

Ndikudzitonthoza kuti mlendo ndi mame.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru. Tayala lomwe palibe silingaphwatalale! Ndayala matabwa pansi pa zitsulo zija, ndakwezanso kalavani, ndamasula matayala onse awiri. Ndawatsuka, ndawapukuta ngati mbale za alendo. Akazi anga akuti m'nyumba mwawo simulowa tayala. Chabwino. Ndawakulunga ndi pulasitiki yakuda yomwe anasiya a Mbewe, tepi kuzungulirazungulira, ndawagoneka pakona m'kalavani momwemo. Dzuwa silifika, mvula sifika.

Tadala pochokera kusukulu waima kuyang'ana. Wafunsa ngati tidzapitadi. Ndati tidzapita, zivute zitani. Foni waiika m'thumba, wamwetulira. Mtima wanga uli myaa.

Loweruka

Tsiku lonse ndili kuntchito, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba athu. Masana uthenga wa akazi anga: "Anyamata a container abwera, atenga zonse, ndasesamo." Ambuye alemekezeke!

Pobwera ndatsegula chitseko cha kalavani. Mwayera. Mwayera mopitirira muyeso. Pakona paja pali mbee.

Ndaimbira a Mbewe. Akuti chilichonse chakuda chomangidwa ndi tepi chakwera, kontena yatsekedwa, ili pamsewu wa kudoko. "Kodi munalembapo dzina, achimwene?" Sindinalembepo. Ndani amalemba dzina pa matayala ake, m'kalavani yake, pakhomo pake?

Lamulungu

Kutchalitchi a Mbewe andiimika pamaso pa mpingo, kundithokoza chifukwa cha mtima wosunga. Anthu aomba m'manja, amayi ena aimba nthungululu. Potuluka andinong'oneza kuti ndisadandaule, matayalawo sangatayike. Mlamu wawo ku Mchinji ali ndi ngolo ya ng'ombe. Ndati zikomo kwambiri. Inde, ndathokoza ndithu.

Kalavani ili njo pa zitsulo zake, yowongoka, yopanda katundu, monga mmene a Dougie ananenera Lolemba. Iwo akuti mu Glasgow monse palibe amene wateteza matayala ku mvula kuposa ine. Za dzuwa la ku Mchinji sindinawauze.

Madzulo ndakhala m'kalavanimo ndi tiyi, mvula ikuwaza padenga. Tadala walowa atafunda bulangeti, wakhala pafupi nane. Ndamuuza zonse, kuti za kumapiri zadalira ngati ndidzapeze matayala ena. Ndimadikira mawu ake aja a masiku onse. Sanawanene. M'malo mwake, m'Chichewa chake chopindikacho wafunsa: "Ndiye matayala apita ku Malawi, ine sindinapiteko?"

Sanapiteko. Nalonso ndi lonjezo, lalikulu kuposa la kumapiri, ndipo ndi lakale kuposa kalavani.

Ndatuluka kukayang'ana majeke. Ali bwinobwino.