Amai Zulu ndi Mathelo a Gemu

Lolemba
Amai Zulu, wapampando wa azimai ku chalichi kwathu, aima pakhomo pa kashopu kanga ka magemu kuseli kwa msika wa Nyimba. Kulowa ai. Akuti makina anga akuphunzitsa ana kubwezela, ndipo pa Sondo akapempha mpingo uletse achinyamata kuponda kuno. Achinyamatawo ndiwo makasitomala anga onse. Ndachita mantha, sindinama.

Koma mutu ulipo. Pali gemu ya lupanga ija, ya mnyamata amene zigawenga zinamuphela amake n'kuotcha mudzi. Kondakitala wa basi ya ku Lusaka anandiuza kuti kumapeto, akagwila mfumu ya zigawengazo, amaikhululukila. Gemu yokhwima nzelu imeneyo, ulaliki weniweni. Ndipo ndatsala pang'ono kuimaliza.

Dongosolo:
- kumaliza pofika Lachisanu
- kuwaitana Loweluka adzaone okha
- kusesa

Lachiwili
Amai Zulu avomela kubwela. Magetsi nawo athawa kuyambila m'mawa, ndiye ndikuyeseza mau patsogolo pa tivi yozima: "Amai, mwana amabwezela, wamkulu amaleka." Akumveka bwino zedi. Ine ndemwe ndatsala pang'ono kutembenuka mtima.

Lachitatu
Msuweni wanga Enelesi wafika kuchokela ku Ndake, wagulitsa thonje. Ndangotuluka pang'ono kukatunga madzi, iye waika gemu ya mpila n'kuisunga pa kakhadi kanga kosungilapo magemu, pamwamba pa ulendo wanga wa miyezi inayi mu gemu ya lupanga ija. Zonse zafufutika!

"Nenze kuyesako chabe, amuna anga," akutelo uku akuseka.

Pa chisuweni munthu sakwiya. Ukakwiya, wosekedwa ndiwe. Ndaseka nanenso, mano okha.

Lachinayi
M'mawa: ndamukhululukila Enelesi. Ndine wamkulu.

Masana: njinga yake ili padenga la shopu. Mmene yakwelela sindikudziwa. Tsoka sasimba, Amai Zulu adutsa ine ndili pakati pa makwelelo, Enelesi ali pansi akundichula maina onse a ubwana wanga.

"Ndiye kukhululuka kwa mu gemu uku, bambo?"

Ndawayankha kuti ndikumata denga.

Lachisanu
Njinga yatsika yokha, yabwelela ku Ndake pamodzi ndi nsapato zanga za ku chalichi. Sindidandaula, ndinayamba ndine. Ai, anayamba ndi iye.

Ndapita ku Petauke ndi mapatapata kukabweleka kakhadi kwa mnzanga amene anafika kale pa chipata chomaliza. Wandichenjeza kuti iye anasiyila pomwepo, mathelo sanawaonepo. Ndiye kuti shopu yonse yatsamila pa mau a kondakitala.

Loweluka
Amai Zulu afika nthawi yake, akhala pa kleti ya mabotolo, chikwama pamiyendo. Ndawafotokozela za amake a mnyamata uja, apukusa mutu. Ndayamba kulimbana ndi asilikali a pachipata. Poyamba akubisa maso ndi chitenge. Posakhalitsa kleti yasendela pafupi ndi tivi.

"Kumbuyo kwanu uko. Mutemeni, bambo, mutemeni!"

Ndatema onse, thukuta kamukamu. Mfumu ija yagwada. Mnyamata wakweza lupanga, wayang'ana kumwamba, walitaya pansi. Kanyimbo kachisoni. Kondakitala sananame, Mulungu amudalitse. Ndatsokomola kuti ndiyambe mau anga aja.

"Imani," atelo Amai Zulu. "Wapha asilikali onse aja, ana a eni ake, olembedwa chabe nchito. Manje wafika pa mwine wa mulandu, ndiye pamene akumbuka chifundo?"

Za asilikaliwo sindinaziganizepo. Atatuluka ndakhala ndikuyang'ana zala zanga.

Sondo
Aimilila mu chalichi monga analonjezela. Za kubwezela sanazichule n'komwe. Akuti gemu yanga iphunzitsa choipa choposa: kuti ang'onoang'ono azifa, wamkulu akagwada pang'ono azipita kwawo. Mpingo wonse wavomeleza ndi mtima umodzi, ena mpaka kuomba m'manja. Achinyamata aletsedwa.

Potuluka andikokela pambali pa mtengo wa mango.

"Mailo Lolemba mutsegule msanga. Munisakilile gemu ina, yamene munthu asiliza nchito yake, osasiyila panjila."

Chabwino. Makasitomala onse apita, watsala mmodzi, ndipo sadziwa ngakhale batani loyambila.